Kuphunzitsa anamwino chisamaliro cha HIV: zimene zipatala za ku Dowa ndi Ntchisi zimafuna kwa wophunzira

Mwachidule

Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali m'chigawo chimene anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV ndi ochepa poyerekeza ndi madera ena a dziko lino. Munthu angaganize kuti kumeneko ntchito ya namwino pa nkhani ya HIV njopepuka, koma kuchepa kwa odwala kumadza ndi mavuto akeake. Wophunzira amakumana ndi odwala ochepa oti aphunzirepo, zotsatira zolakwika za kuyeza magazi zimakula gawo, ndipo chinsinsi chimavuta kusunga. Nkhaniyi ikufotokoza mavuto atatuwa, luso limene wophunzira unamwino ayenera kukhala nalo asanalandire chiphaso chake, komanso mbali imene anamwino akale, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka angatengepo pomuphunzitsa.

Dera lake ndi zipatala zake

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Ambiri ndi alimi a chimanga, fodya, soya ndi mtedza, ndipo midzi yawo yamwazikana m'mapiri ndi m'zigwa, ina kutali ndithu ndi msewu wa M1 umene umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi. Ku Dowa kuli chipatala cha paboma, chipatala cha Mponela, zipatala za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, ndi zipatala zing'onozing'ono monga Chankhungu, Dzoole, Kayembe ndi Msakambewa. Ku Ntchisi, kupatula chipatala cha paboma, anthu amadalira zipatala monga Malomo, Khuwi ndi Nthondo. Matenda akakula kwambiri, wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pachipatala chaching'ono ogwira ntchito amakhala owerengeka. Kawirikawiri pamakhala medical assistant mmodzi ndi namwino mmodzi kapena awiri, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo. Medical assistant akapita kumsonkhano kuboma kapena kutchuthi, namwino amatsala yekha ndi sikelo ya amayi oyembekezera, amayi obwera kudzachira, a njira zakulera, ndi mzere wa olandira ma ARV. M'dzinja misewu ya fumbi imasanduka matope ndipo ambulansi imachedwa. Chiganizo chokhudza wodwala chimapangidwa pomwepo, ndi namwino amene alipoyo.

Kafukufuku wa m'makomo wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachirombo. Mwa iwo, 88.3 pa 100 ankadziwa mmene m'thupi mwawo mulili. Mwa odziwawo, 97.9 pa 100 anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo, 96.9 pa 100 anali ndi tizirombo tochepa kwambiri m'magazi. Chigawo cha zaumoyo cha Central East, momwe muli Kasungu, Nkhotakota, Salima, Dowa ndi Ntchisi, ndicho chinali ndi chiwerengero chotsika kwambiri, pamene mzinda wa Blantyre ndi maboma a kummwera anali pamwamba.

Momwe ntchitoyi inafikira m'manja mwa anamwino

Munthu woyamba kupezeka ndi kachirombo ka HIV m'Malawi anadziwika mu 1985. Boma linayamba kugawa ma ARV mwaulere mu 2004 ndi thandizo la Global Fund, panthawi imene madokotala ndi anamwino anali ochepa kwambiri, ena atapita kukagwira ntchito kunja. Chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito, imene inadzawonjezera malipiro awo ndi 52 pa 100 ndi kukweza chiwerengero cha ophunzira m'makoleji. Ngakhale zinali choncho, zinali zoonekeratu kuti madokotala okha sangakwanitse kuona wodwala aliyense.

Ku Thyolo, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kupereka ntchito yoyambitsa ndi kutsatira ma ARV kwa ogwira ntchito a m'zipatala zing'onozing'ono, kuphatikizapo anamwino. Mu 2008 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ovomereza kugawana ntchito kotere. Umboni unatsatira. Kafukufuku wa CIPRA-SA ku South Africa, amene anasindikizidwa mu 2010, anaonetsa kuti odwala otsatiridwa ndi anamwino zinthu zimawayendera mofanana ndi otsatiridwa ndi madokotala. Kafukufuku wa STRETCH, wa m'chigawo cha Free State mu 2012, anaonetsa kuti anamwino angathe kuyambitsa mankhwalawa popanda kuika wodwala pachiswe. Chofunika kukumbukira n'chakuti m'kafukufuku yenseyu anamwinowo anaphunzitsidwa mwapadera ndipo anali ndi owayendera ndi kuwathandiza.

Kusintha kwakukulu kunadza mu July 2011, pamene Malawi anakhala dziko loyamba kutsata njira ya Option B+, yoyambitsa ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, popanda kudikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Makina oyezera CD4 kunalibe m'zipatala zambiri zakumidzi, choncho njirayi inachotsa chopinga chachikulu. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa oyamba mankhwala anakwera kuchoka pa 1,257 m'miyezi itatu ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012. Ntchito yonseyi inagwera kusikelo, kumene amagwira ndi anamwino ndi azamba. Mu 2016 dziko lino linayamba kupereka mankhwala kwa aliyense wopezeka ndi kachirombo, ndipo mu 2019 linayamba kusinthira odwala ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene m'zipatala amadziwika ndi nambala ya 13A.

Kumene anamwino amaphunzira

Anamwino a m'dziko lino amaphunzira m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ena amatenga dipuloma ya zaka zitatu ya unamwino ndi uzamba, ambiri mwa iwo m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni ndi St Luke's. Ena amatenga digiri ya zaka zinayi m'sukulu monga Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Onsewa amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi asanaloledwe kugwira ntchito.

Kwa zaka zambiri luso la ma ARV linkaperekedwa makamaka kwa amene ayamba kale ntchito: maphunziro a masiku angapo, mayeso, kenako chiphaso cholola munthu kupereka mankhwala. Njirayi inathandiza kuti ntchito ifalikire msanga, koma ili ndi zovuta ziwiri. Namwino watsopano angathe kukhala miyezi ingapo pachipatala asanaitanidwe ku maphunziro otere, pamene odwala akubwera tsiku ndi tsiku. Ndipo akaitanidwa, chipatala chake chimatsala chopanda namwino sabata yonse. N'chifukwa chake ntchito monga Nursing Education Partnership Initiative, imene inayamba cha mu 2011 ndi ndalama za PEPFAR m'mayiko angapo a mu Africa kuphatikizapo Malawi, inalimbikira kukonza maphunziro a m'makoleji momwemo: kukonzanso zophunzitsidwa, kukhazikitsa zipinda zoyesereramo ntchito, ndi kuphunzitsa anamwino oyang'anira ophunzira m'mawodi. M'mera mpoyamba: chimene namwino sanachigwire ndi manja ake ali kusukulu chimamuvuta akakhala yekha ku Nthondo kapena ku Kayembe.

Vuto loyamba: odwala ochepa oti aphunzirepo

Wophunzira amene watumizidwa kuchipatala chaching'ono cha m'maboma awiriwa angathe kutha masabata angapo osaona mwana woyamba ma ARV, osaona munthu wodwala matenda oumitsa khosi, ndiponso osauzako munthu zotsatira zosonyeza kuti ali ndi kachirombo. Buku lake limasainidwa kuti anafika tsiku lililonse, koma kufika pachipatala n'kosiyana ndi kugwira ntchito. Mnzake wa ku Bwaila kapena ku Thyolo amaona zonsezi m'sabata imodzi. Choopsa n'chakuti tsiku limene wodwala wovuta adzafike pachipatala chakumudzi, adzapeza namwino amene matendawo anangowawerenga m'buku.

Vuto lachiwiri: zotsatira zolakwika

Palibe kachipangizo koyezera magazi kopanda cholakwa. Chitsanzo cha masamu chikhoza kuthandiza. Kachipangizo kakhale kolakwitsa kamodzi pa anthu 100 alionse opanda kachirombo. Pakayezedwa anthu 1,000 kumene 150 ali ndi kachirombo, mwa 850 otsalawo anthu 8 kapena 9 adzaoneka ngati ali nako pamene alibe. Ndiye kuti mwa onse amene kachipangizo kawasonyeza, wolakwikiridwa ndi mmodzi pa 18 kapena 19. Koma pakayezedwa anthu 1,000 kumene 20 okha ndiwo ali ndi kachirombo, olakwikiridwa adzakhala pafupifupi 10, ndipo mwa anthu 30 amene kachipangizo kawasonyeza, mmodzi pa atatu alionse adzakhala alibe kachirombo. Kachipangizo n'komweko, chasintha ndi dera.

Pachifukwa chimenechi, mu 2019 WHO inalangiza kuti munthu auzidwe kuti ali ndi kachirombo pokhapokha zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana, ndipo malangizo atsopano a Unduna wa Zaumoyo anatsatira njirayi. Munthu amayezedwanso asanayambe mankhwala. Wophunzira amene sakumvetsa chifukwa chake amaona ngati n'kutaya nthawi, ndipo tsiku limene chipangizo chimodzi chatha m'sitolo amayesedwa kudumpha sitepe. Zotsatira zake n'zolemera: munthu kumwa mankhwala moyo wake wonse alibe kachirombo, kapena banja kutha chifukwa cha kamzere kolakwika. Kuwerenga zotsatira nthawi isanakwane kapena itapitirira, kusunga zipangizo pamalo otentha, ndi kugwiritsa ntchito zotha mphamvu, zonsezi zimachulukitsa zolakwa.

Vuto lachitatu: chinsinsi

Kumene odwala ndi ochepa, aliyense amaonekera. Ngati ma ARV amaperekedwa tsiku limodzi lodziwika pa sabata, pakhomo limodzi lodziwika, mudzi wonse umadziwa amene wakhala pabenchi. Ena amasankha kulipira kabaza kukatenga mankhwala kuchipatala chakutali, ndipo ndalama ikasowa amadumpha. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu ndiponso kuulula mmene m'thupi mwake mulili popanda chilolezo chake. Wophunzira ayenera kudziwa kuti lamuloli likumukhudza iyenso: kukamba za wodwala mu minibasi, kutumiza chithunzi cha khadi lake pa gulu la WhatsApp la m'kalasi, kapena kuitana dzina mokweza ndi kutchula mtundu wa mankhwala, konseku n'kuulula.

Luso loyenera kukhala nalo asanatuluke m'sukulu

Kuyeza ndi uphungu. Wophunzira ayenera kuyeza yekha, moyang'aniridwa, kuyambira kupempha chilolezo mpaka kulemba m'kaundula. Adziwe kuti mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo angathe kuvomera yekha kuyezetsa. Adziwenso kuti munthu amene wakhala pa ma ARV nthawi yaitali sayenera kuyezedwanso ndi kachipangizo kofulumira pofuna kuona ngati wachira, pakuti nthawi zina sikaonetsa kanthu ngakhale kachirombo kalipo, ndipo munthuyo akhoza kusiya mankhwala poganiza kuti wachiritsidwa.

Mankhwala osagwirizana. Dolutegravir ndi wamphamvu, koma pali mankhwala ena amene amachepetsa mphamvu yakeyo. Mapiritsi owonjezera magazi, amene mayi aliyense amalandira kusikelo, komanso mankhwala a chilungulira ndi a calcium, amamata dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa bwino m'magazi. Malangizo ake ndi akuti dolutegravir amwedwe maola awiri mankhwala enawo asanamwedwe, kapena patadutsa maola asanu ndi limodzi. Wodwala chifuwa chachikulu amene akumwa rifampicin amafunika piritsi lowonjezera la dolutegravir la 50 mg patadutsa maola 12. Mayi woyembekezera amene akumwa bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa fansidar woteteza malungo. Izi zimachitikira patebulo la namwino, osati la dokotala.

Mayi ndi mwana. Mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachirombo amalandira mankhwala omuteteza kuyambira tsiku lobadwa kufika masabata asanu ndi limodzi. Pamenepo amayamba bactrim ndi kutengedwa magazi a DNA-PCR, kenako amayezedwanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Khadi lake la pinki ndilo limasonyeza ngati zonsezi zachitika. Kwa mwana amene ali pa ma ARV, mlingo umatsata sikelo. Piritsi losungunuka la dolutegravir la 10 mg, lomwe linayamba kufika m'zipatala za dziko lino mu 2021, limaperekedwa kwa ana a makilogalamu atatu kupita m'tsogolo amene akwanitsa masabata anayi. Mwana akafika makilogalamu 20 amasinthira ku piritsi la 50 mg, ndipo akafika 30 amayamba a akuluakulu. Mwana amene sanakwezedwe pasikelo amatsalira pa mlingo wochepa, ndipo tizirombo timapeza mpata wozolowera mankhwala.

Kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Kuyeza viral load kumachitika patatha miyezi isanu ndi umodzi munthu atayamba mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Kutenga magazi papepala n'kosavuta kuphunzira. Chovuta ndi chochita zotsatira zikabwera. Zikafika 1,000 kapena kupitirira, wodwala ayenera kufunidwa msanga, kukambirana naye zimene zikumulepheretsa kumwa mankhwala, ndi kumuyezanso pakatha miyezi itatu. Pepala la zotsatira limene langoikidwa m'faelo silithandiza aliyense. Zotsatira zabwino nazonso ziyenera kufotokozedwa. Kafukufuku wa HPTN 052, amene anachitikanso ku Lilongwe ndi Blantyre, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa ndi 96 pa 100 mpata wopatsira wokondedwa kachirombo. Uthenga wa Tizirombo Tochepa = Thanzi wakhazikika pa umboni wotere, ndipo kwa ambiri ndiwo umawapatsa chifukwa chomwera mankhwala mokhulupirika.

Matenda ofika pachimake. Munthu amene CD4 yake ili pansi pa 200, kapena amene ali ndi matenda a gawo lachitatu kapena lachinayi la WHO, ali pachiopsezo cha imfa ngakhale akuyenda yekha. Masiku ano ambiri mwa otere ndi amene anayamba mankhwala kale n'kusiya. Wophunzira ayenera kudziwa zizindikiro zoopsa: kupuma kokwana 30 pa mphindi, mtima kugunda kokwana 120, kutentha thupi kwa madigiri 39, ndi kulephera kuyenda popanda womugwira. Adziwe kuyeza mkodzo ndi LAM pofufuza chifuwa chachikulu, ndi kuyeza magazi ndi CrAg pofufuza kachirombo koumitsa khosi. Wodwala amene mutu ukumuwawa kosalekeza, khosi lauma kapena wasokonezeka maganizo atumizidwe mwachangu, ndipo asafulumire kumuyambitsa ma ARV, pakuti pa matenda oumitsa khosi a cryptococcus ma ARV amadikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa REALITY, amene anachitika ku Malawi, Uganda, Zimbabwe ndi Kenya n'kusindikizidwa mu 2017, anapeza kuti kupereka mankhwala owonjezera oteteza ku matenda kwa odwala a chitetezo chotsikitsitsa kunachepetsa imfa pa masabata 24 kuchoka pa 12.2 kufika pa 8.9 pa 100.

Kudziteteza. Ophunzira amabayidwa ndi singano, ndipo ena amabisa poopa kudzudzulidwa kapena kuyezedwa. Mpata wotenga kachirombo pobayidwa ndi singano yogwiritsidwa ntchito pa munthu yemwe ali nako ndi pafupifupi 3 pa 1,000, ndipo mankhwala a PEP amauchepetsa kwambiri akayambidwa msanga, maola 72 asanadutse, n'kumwedwa kwa mwezi umodzi. Tsiku loyamba pachipatala chilichonse, wophunzira asonyezedwe pamene PEP amasungidwa ndi munthu woti amuuze ngakhale pakati pa usiku. Katemera wa hepatitis B ayenera kulandiridwa asanayambe kugwira odwala.

Odwala oyendayenda

Maboma awiriwa ali ndi anthu amene sakhala malo amodzi. Matenanti a m'minda ya fodya amabwera nyengo yolima n'kuchoka fodya akagulitsidwa, ena kuchokera kumaboma kumene kachirombo n'kofala. Munthu wotere akafika wopanda kalata yosamukira, namwino wosazolowera akhoza kumubweza kapena kumulemba ngati woyamba kumene, zomwe zimasokoneza mbiri ya mankhwala ake. Wophunzira ayenera kuphunzira kufunsa bwino, kuona bukhu lake lakuchipatala, kuimbira foni kumene wachokera, ndi kuonetsetsa kuti munthuyo sabwerera chimanjamanja. Kupereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi kwa amene akupeza bwino, komwe kafukufuku wa INTERVAL ku Malawi ndi Zambia anaonetsa kuti kumathandiza anthu kukhalabe pa mankhwala, n'kofunika kwambiri dzinja lisanayambe.

Ku Dowa kulinso msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo tsopano uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Kumeneko uphungu umadutsa mwa womasulira wa Chiswahili, Chikirundi, Chikinyarwanda kapena Chifalansa, ndipo womasulirayo akhoza kukhala woyandikana nyumba ndi wodwala. Wophunzira ayenera kufunsa wodwala ngati akuvomera womasulirayo, ndipo asagwiritse ntchito mwana wa wodwala kumasulira zotsatira za kholo lake.

Kaphunzitsidwe kogwirizana ndi dera

Choyamba ndi kuwerenga ntchito zimene wophunzira wagwira, osati masiku amene wakhala pachipatala. Buku lake lisonyeze anthu angati wawayeza, angati wawayambitsa mankhwala moyang'aniridwa, ana angati wawawerengera mlingo, ndi zotsatira zingati za viral load zimene wazitsatira mpaka kumapeto.

Chachiwiri ndi kuphatikiza malo. Lilongwe ali pafupi, ndipo kumeneko kuli zipatala za odwala ambiri monga Lighthouse, imene inayamba mu 2001, Martin Preuss Centre pa Bwaila, ndi chipatala cha ana cha Baylor. Malo otere amapatsa wophunzira mwayi woona matenda osiyanasiyana m'nthawi yochepa. Chipatala chakumudzi chimamuphunzitsa zimene mumzinda sangaziphunzire: kugwira ntchito popanda labotale pafupi, kuwerengera mankhwala otsala kuti asathe mwadzidzidzi, ndi kusankha nthawi yoitana ambulansi. Wophunzira amafunika zonse ziwiri.

Chachitatu ndi kuyeserera m'Chichewa. Maphunziro amachitika m'Chingerezi, koma wodwala wa ku Malomo adzamva zotsatira zake m'Chichewa. Wophunzira amene sanayeserepo kufotokoza viral load, kapena kuthandiza kholo kuuza mwana wake chifukwa chimene amamwera mankhwala, amasowa mawu nthawi yake ikafika. Masewero a m'kalasi, wina kukhala wodwala wina namwino, amatseka mpata umene kuchepa kwa odwala kumasiya. Amathandizanso kukonza kalankhulidwe. Munthu wobwerera atasiya mankhwala akalandiridwa ndi mawu akuti “Munali kuti nthawi yonseyi?” sadzabweranso. Akamva kuti “Mwachita bwino kubwera, bambo, tiyeni tione mmene tingakuthandizireni,” amamasuka kunena chimene chinamulepheretsa.

Chachinayi ndi aphunzitsi amene ali kale pachipatala. Namwino woyang'anira ophunzira amafunika nthawi yoima pambali ndi kuona, osati kungomusiyira wophunzira mzere kuti iye akapume. Anthu omwe ali pa ma ARV ndipo amathandiza anzawo pachipatala amadziwa zifukwa zenizeni zimene anthu amadumphira mankhwala: njala, mtunda, mwamuna amene sanauzidwe, mapemphero a machiritso. Alangizi a zaumoyo amadziwa njira za m'midzi ndi momwe angafikire pakhomo la munthu popanda kudzutsa mafunso kwa oyandikana nawo. Ulendo umodzi wotsatira wodwala pamodzi ndi mlangizi umaphunzitsa zambiri za chinsinsi kuposa tsiku lonse la m'kalasi. Nawo akuluakulu a ku Unduna akabwera pa ulendo wawo wa miyezi itatu iliyonse kudzaona makadi ndi makaundula, wophunzira akhale nawo patebulo kuti aone mmene khadi losalembedwa bwino limasochezera wodwala.

Chifukwa chake nkhaniyi njofulumira

Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ntchito za HIV m'dziko lino limachokera kunja. Kuyambira cha mu 2015, ntchito yambiri yoyeza magazi yakhala ikugwiridwa ndi ma HDA, othandiza kuyeza amene ambiri amalipidwa ndi mabungwe. Mu January 2025 boma la United States litaimitsa thandizo lake lakunja, ntchito zambiri zodalira ndalamazo zinasokonekera m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Zinaonetsa kuti wothandiza wa bungwe akachoka, ntchito yake imabwerera kwa namwino wa boma kapena wa CHAM amene watsala pachipatala. Ngati namwinoyo anazolowera kutumiza aliyense kuchipinda china kuti akayezedwe, tsiku limene chipindacho chatsekedwa mayi woyembekezera amabwerera kwawo osayezedwa.

Choncho kwa makoleji, funso loyenera kufunsa pa wophunzira aliyense womaliza ndi lakuti angathe kuyeza, kuyambitsa mankhwala, kutsatira mayi ndi mwana, ndi kuzindikira wodwala woti atumizidwe, popanda womufunsa pafupi. Kwa oyang'anira zipatala za ku Dowa ndi Ntchisi, wophunzira aikidwe pa tsiku la ma ARV ndi kusikelo mwadala, ndipo wodwala wa matenda osaonekaoneka akafika, ophunzira onse aitanidwe kudzaphunzira ngati wodwalayo wavomera. Kwa alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka, zimene amadziwa za midzi yawo ndi gawo la maphunziro a namwino, ndipo n'zoyenera kumuuza wophunzira ngakhale asanafunse.